Mzime Ali M'bokosi

4 Malichi

Wokondedwa Mzime,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko. Kuno tili bwino tonse, kupatula bondo la amayi ako ndi geti, zomwe masiku ano zikulira mofanana.

Patha masabata atatu chichokere iwe, kalata sitinaione. Ndinakuuza pa bwalo la ndege kuti nkhani yeniyeni imalembedwa papepala. Za pafoni zimapita ndi mphepo, komanso ukudziwa kuti khutu langa lakumanzere linapuma pa ntchito limodzi ndi ine. Tilembere.

Tsono pali chinthu chikundisowetsa mtendere. Laisensi yoyendetsera ndege uli nayo. Ndinaigwira ndi manja angawa, ndipo fotokope yake ili m'felemu pabalaza. Zaka zisanu wakhala ukuuluka ndi kandege ka anthu khumi ndi awiri kaja, sunagundepo ngakhale khwangwala. Lero kampani yaikulu yakulemba ntchito, ndiye akuti ubwerere ku sukulu miyezi itatu chifukwa ndege yawoyo ndi ya mtundu wina. Mtundu wanji? Ili ndi mapiko atatu?

Ine ndaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto zaka makumi atatu ndi chimodzi. Sindinaonepo munthu akugula galimoto yofiira n'kubwerera kwa ine kuti laisensi yake inali ya yoyera. Chiwongolero ndi chiwongolero.

Chachiwiri, akuti ukakhala wothandizira kaputeni, pa mpando wakumanja. Kumuthandiza chiyani? Kaputeniyo ndi wodwala? Ufunse bwino, mwana wanga. Ufunse mwaulemu monga tinakulerera, koma ufunse. Anthu ena akaona mwana wofatsa amamukhazika pa benchi mpaka imvi.

Amayi ako akuti uzivala juzi yobiriwira ija ngakhale ikuyabwa.

Ine bambo ako


18 Malichi

Bambo ndi Amayi okondedwa,

Muli bwanji? Bondo likuti bwanji? Ine ndili bwino, kungotopa.

Kalata yanu ya pa 4 ndalandira. Mafunso anu onse, Bambo, ndinayankha kale m'kalata yanga yoyamba ija ya masamba asanu. Ndikhulupirira pano yafika, ndiye sindibwereza.

Za m'kalasi tinamaliza, mayeso olemba ndinakhoza. Tsopano ndili m'bokosi lija ndinakufotokozerani. Ndimalowa 6 koloko m'mawa, amatitsekera, ndipo m'katimo ndi mwamdima ndi mozizira, koma munthu umazolowera. Ndikhala momwemo mpaka mwezi wamawa.

Sabata ino yandivuta. Lolemba injini yakumanzere inagwira moto titangonyamuka. Lachiwiri zinazima zonse ziwiri, tinakatera m'nyanja. Lachinayi ndiye kunaipiratu: chifunga chokhachokha, ine n'kusokoneza manambala, tinawomba phiri. Sipanapulumuke munthu. Mphunzitsi wathu, amene timawatchula a Nsidze chifukwa nsidze zawo zimalowa m'chipinda iwo asanalowe, anangoti, "Mwafa nonse. Kamweni tiyi, mubwere tidzafenso."

Akuti munthu amayenera kufa kangapo asanamukhulupirire, ndiye musadandaule, ndikupita patsogolo.

Juzi ndikuvala. Mundilembere za kumeneko.

Ine mwana wanu,
Mzime


1 Epulo

Mwana wanga Mzime, ngati ukutha kuwerenga kumene uliko,

Ndine mayi ako. Moni ndikupatsa koma sindikudziwa ngati ndikupatsa munthu kapena chiyani.

Kalata ya masamba asanu ukunenayo ife sitinaione. Imene tinaona ndi ya phiriyi. Bambo ako amaiwerenga mokweza pa tebulo, atafika pa bokosi ine fulasiki inandipulumuka, atafika pa phiri ndinapezeka ndili panja ndilibe nsapato.

Ndinaimba foni yako. Kukuyankha mzimayi wachilendo, mawu omweomwewo, osapuma, osayankha ndi moni womwe. Ndamuimbira kakhumi ndi kasanu. Ndinamufunsa kuti kodi ndinu a nesi kapena a polisi, iye n'kubwereza zomwezo. Munthu wouma mtima chonchi sindinamuonepo.

Bambo ako akuti ndisalire chifukwa munthu wakufa sangapite kukagula sitampu. Anatenga galasi lawo lokulitsira zilembo, n'kuyerekeza "g" wako ndi wa m'makope ako akale a sukulu, akuti ndiwe ndithu ndipo dzanja silikunjenjemera. Ine ndinati chabwino, wathu ali moyo, nanga amene anathera pa phiriwo ndi ana a yani? Pamenepo anatuluka n'kukapukuta galimoto.

Mkazi wa ometa tsitsi, wa kuseri kwa mpandayu, anandimva ndikulira, ndipo pofika madzulo pabalaza panali podzaza. Anthu sankadziwa ngati atipepese kapena atiyamikire. Ena anachita zonse ziwiri. Taonera nkhani pa kanema masiku atatu, za ndege yako palibe. Bambo ako akuti kampani ikubisa.

Tsono undiyankhe izi, usazungulire. Anafa anthu angati, ndipo abale awo akuidziwa adiresi yathu? Lolemba moto, Lachiwiri nyanja, Lachinayi phiri, ndege zitatu sabata imodzi, kodi kampaniyo ili nazo zingati? Nanga Lachitatu unali kuti? Bokosilo anakuyeza kapena anangokupatsa lililonse?

Dziwanso kuti bambo ako alembera kalata mkulu wa sukulu yanuyo, masamba anayi. Anavala tayi polemba.

Ine mayi ako


13 Epulo

Amayi ndi Bambo okondedwa,

Ndili moyo. Ndiyambe ndi zimenezo. Sindinafe, sindinaphe munthu, ndipo Lachitatu ndinkachapa.

Cholakwa ndi changa. Kalata ya masamba asanu ija ndaipeza dzulo m'thumba la m'kati la jekete, sitampu ili pompo. Mzimayi wa pafoniyo si munthu, Amayi, ndi makina onena kuti nambalayo sikugwira ntchito kuno. Nambala yatsopano ndalemba pansipa.

Bokosi ndi makina ophunzirira. Tangoganizani mutu wa ndege, kumene timakhala oyendetsa, ataudula n'kuuika m'holo pamwamba pa miyendo isanu ndi umodzi yachitsulo. M'kati muli mabatani onse a ndege yeniyeni, mawindo ake ndi makanema, ndipo miyendo ija imatigwedeza. A Nsidze amakhala kumbuyo kwathu ndi kakompyuta. Akadina apa, moto. Akadina apo, chifunga. Phiri lija ndi chithunzi chabe.

Bambo, ndege zikuluzikulu sizisiyana utoto wokha. Mtundu uliwonse uli ndi mabatani ake, liwiro lake loterera, njira yake yozimitsira moto. Pa ngozi ulibe nthawi yofunafuna batani, dzanja liyenera kupita lokha. N'chifukwa chake mtundu uliwonse uli ndi chilolezo chake chimene amachilemba pa laisensi. Ndipo kaputeni sadwala. Timasinthana: ulendo wopita ayendetsa iye, wobwerera ine, ndipo amene sakuyendetsa ntchito yake ndi kuyang'anira mnzake.

Kalata yanu ya kwa mkulu wa sukulu ija inafika, iwo n'kuipereka kwa a Nsidze. A Nsidze anandiitanira mu ofesi n'kundiwerengera pamene munati, "Monga mphunzitsi mnzanu, ndikukulangizani kuti wophunzira akawomba phiri, musamupatsenso ndege ina mawa lake." Aimata pakhoma pafupi ndi ketulo. Anthu a makalasi ena akubwera kudzaiwerenga.

Tsopano nkhani yoipa yeniyeni. Lachisanu ndinalephera mayeso a m'bokosi. A Nsidze anakhala pa mpando wa kaputeni, ndipo potera anayamba kutsitsa ndege mofulumira dala, kuti aone ngati ndiwaletsa. Ndinaona. Ndinaona kalekale. Ndimayenera kunena mawu awiri basi: "Kwezani ndege!" Akapanda kumva, ndinene kuti "Ndatenga ine!" n'kugwira chiwongolero. Koma munthuyo ndi wa imvi, msinkhu wa Bambo. Pakamwa panga panatuluka kuti, "Pepani a kaputeni, sindikudziwa ngati mwina mwaona kale, koma ndimati ndingofunsa ngati..." Tinagunda pansi ndisanafike pa funso.

Anayatsa magetsi. Anati, "Manja ako ndi abwino kuposa anga. Koma ulemu wako wapha anthu zana limodzi ndi makumi asanu."

Andipatsa mwayi umodzi wokha, pa 12 Meyi. Ndikalepheranso, kampani ipereka mpando wanga kwa wina, ndipo ku kandege kaja analemba kale munthu. Ndimayeseza pagalasi la m'bafa, koma ngakhale galasilo ndimapezeka ndalipepesa.

Ine mwana wanu,
Mzime


24 Epulo

Wokondedwa Mzime,

Takondwa kumva kuti uli moyo. Amayi ako apita nyumba ndi nyumba kukabweza mapepeso.

Kalata yako ndaiwerenga katatu. Poyamba ndinapsa mtima. Ndinatenga pepala kuti ndiwalemberenso a Nsidze akowo kuti ulemu sunaphepo munthu. Ndinalemba deti. Kenako cholembera chinaima, chifukwa ndinakumbukira chinthu chimene sindinauzepo munthu, ngakhale amayi ako.

Chaka chachisanu ndi chinayi cha ntchito yanga ndinkaphunzitsa woweruza milandu wina wopuma pa ntchito, munthu wamkulu, wa mawu ngati ng'oma. Ukukumbukira kuti galimoto yophunzitsira inali ndi buleki yachiwiri kumbali yanga. Tsiku lina pa mphambano anaponda mafuta m'malo mwa buleki, galimoto n'kulunjika sitolo ya mbale ndi makapu. Phazi langa linali pamwamba pa buleki, mwana wanga. Pamwamba penipeni. Koma ndinaganiza kuti munthu woti anthu ankaimirira akamalowa, ine ndimupondere buleki ngati mwana? Ndinati, "Bwana, ngati sikukuvutitsani..." Tinalowa m'sitolomo mpaka zitseko zakumbuyo. Phokoso la mbale linatenga nthawi kuti lithe. Woweruzayo anachotsa sosala pa chifuwa n'kundifunsa kuti, "Aphunzitsi, bwanji simunaponde?" Kunyumba ndinati buleki inaduka.

Ndiye vuto lakoli unalitengera kwa ine, monga mphuno. Poti ndine ndinalibweretsa, ndine ndilichotse.

Dongosolo ndi ili. Tsiku lililonse 5 koloko madzulo, nthawi ya kuno, uziimba foni. Ine ndizinena zinthu zabodza kapena zopusa, iwe uzindidula pakamwa. Popanda "pepani," popanda "mwina," popanda kutsokomola kaye. Amayi ako azigwira foni ku khutu labwino, n'kumawerenga ma "pepani" ako.

Njirayi ndayamba kale kuiyesa kuno. Ndaika mipando iwiri ya pa tebulo moyang'ana kabati, ine kumanzere ndi chivundikiro cha poto ngati chiwongolero, amayi ako kumanja. Ndimalunjika dala pa kabati n'kumakuwa kuti tikugwa. Mpaka pano iwo amangoti, "Inu mukudziwa bwino, bambo a Mzime," n'kupitiriza kuluka. Tafa kasanu ndi kawiri.

Ine bambo ako


6 Meyi

Mwana wanga Mzime,

Uli bwanji? Ukudya? Ndikulembera zimene sunathe kuziona pafoni, bambo ako asadziwe.

Kope la ma "pepani" ndili nalo. Tsiku loyamba khumi ndi anayi. Bambo ako anati dzuwa limatuluka kumadzulo, iwe unati, "Pepani Bambo, mwina masiku ano." Anaika foni pansi n'kugwira mutu. Tsiku lachitatu anati ndege imayendera palafini wa nyali, iwe unayamba kuwafotokozera mofatsa kwa mphindi khumi mpaka anawodzera. Tsiku lachisanu anati iwe ndiwe mwana woyamba ndipo achimwene ako anabadwa pambuyo pako, iwe unangoseka. Anati mwanayu sachira.

Tsono za Lachiwiri lapitali. Pamene anakuuza kuti akubwera okha kumeneko, adzalowe m'bokosimo awaonetse a Nsidze kaphunzitsidwe kake, iwe mwina unayesa kuti ndi bodza la tsikulo. Silinali bodza, mwana wanga. Zithunzi za pasipoti anali atajambulitsa kale. Sutikesi inali pansi pa bedi, m'kati muli matayi atatu, satifiketi yawo ya uphunzitsi ndi kabuku ka zikwangwani za pamsewu.

Sindikudziwa ngati unamva m'mawu mwawo kuti akunena zoona, koma unakuwa: "Bambo, ayi! Khalani pansi!"

Ndipo anakhala pansi. Vuto ndi loti mpando panalibe, anali atausamutsira ku ndege yawo ya pa kabati ija. Anafikira pa kapeti, miyendo m'mwamba, silipasi imodzi pa kabati. Ine ndinathamanga kuti ndiwadzutse, anandikaniza. Anangokhala pomwepo, foni ili m'manja, misozi ikutsika, akuti, "Wamva? Wamva mwana wanga mmene wandikalipira?" Mkazi wa ometa tsitsi anasuzumira pa mpanda kufunsa ngati wafanso.

Tiyi anamwera pansi pomwepo. Msana ukuwapweteka koma akuti ndi kupweteka kwabwino. Sutikesi ndakaisungitsa kwa azakhali ako.

Pa 12 upite ukachite chimodzimodzi. Munthu wa nsidzeyo si wamkulu kuposa bambo ako.

Ine mawu ako aja ndakhala ndikuwayeseza chamumtima potsuka mbale. Amakoma pakamwa.

Ine mayi ako


13 Meyi

Bambo ndi Amayi okondedwa,

Muli bwanji? Msana uli bwanji, Bambo? Ndakhoza.

Ndinakuuzani kale pafoni dzulo, koma Bambo anati sizinachitike mpaka zitalembedwa, ndiye ndi izi.

Tinakhala m'bokosi maola anayi. Kumbuyo kunakhala woyesa mayeso wochokera kwina, nkhalamba yosaseka, a Nsidze ali pa mpando wa kaputeni. Anatipatsa moto, ndinazimitsa. Anatizimitsira injini, ndinatera ndi imodzi. Anatipatsa mphepo ya m'mbali, chimvula, matayala okana kutuluka. Malaya ananyowa ndi thukuta mpaka lamba.

Kumapeto kwenikweni, ikuyendetsedwa ndi a Nsidze, ndege inayamba kutsika mofulumira tisanafike poterera. Iwo ali phee, ngati munthu akuonera mpira. Ndinamva "pepani" akukwera kukhosi, anafika mpaka pa mano. Ndiye ndinaona m'maganizo Bambo atavala tayi, akulowa m'holo muno ndi kabuku ka zikwangwani kukhwapa.

"Kwezani ndege!"

A Nsidze anakhala ngati sanamve.

"Ndatenga ine! Chotsani manja!"

"Chotsani manja" mulibe m'buku, anangotuluka. Anachotsa. Ndinakweza ndege, tinazungulira, ndinatera bwinobwino. Atayatsa magetsi, a Nsidze anali akutikita khutu. Anati, "Ndinati ulankhule, sindinati undigonthetse." Nkhalamba ija inasaina pepala, ndipo potuluka inandipatsa njira kuti ndidutse kaye.

Pa khonde ndinawauza a Nsidze kuti pepani. Anati kunja kuno ndi kololedwa. Akupereka moni kwa mphunzitsi mnzawo.

Sizinathe. Sabata yamawa atipatsa ndege yeniyeni yopanda anthu, ndinyamuke ndi kutera kasanu ndi kamodzi. Kenako ndiyamba kunyamula anthu, koma pambali panga padzakhala kaputeni wophunzitsa kwa masabata angapo. Ndipo miyezi isanu ndi umodzi iliyonse ndizibwerera m'bokosi kukayesedwanso, mpaka ndidzapume pa ntchito. Amayi, zimenezi muwauziretu oyandikana nawo.

Ine mwana wanu,
Mzime


26 Meyi

Wokondedwa Mzime,

Tili bwino. Kalata yako ndaiwerengera aliyense amene wabwera pakhomo pano, ngakhale wowerenga mita ya madzi. Ndakunyadira, mwana wanga. Zimene ndinalephera ine pa sitolo ya mbale wazichita iwe kumwamba, ngakhale kumwamba kwake kunali kwa m'holo.

Koma ndili ndi dandaulo, ndipo ndikufuna ulimve monga munthu wa ntchito.

Lachinayi tinapita ku positi ndi amayi ako. Pobwerera ndinkatulutsa galimoto chafutambuyo, mosamala monga mwa nthawi zonse, ndikuwafotokozera amayi ako kufunika koyang'ana pagalasi. Mwadzidzidzi ndinangomva, "Imani!" Ndisanatembenuke, "Ndatenga ine!" ndipo amayi ako anakoka buleki ya pamanja ndi manja awiri. Galimoto inazima. Magalasi anga anagwera pa mapazi.

Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu tili m'banja, mayi ameneyu sanakhudzepo ngakhale batani la wailesi m'galimoto mwanga. Laisensi alibe. Kumbuyoko kunali kachipilala chabe, ndipo ndinali nditakaona kalekale.

Chichitikire zimenezo zinthu zasintha m'nyumba muno. Ndikamathira mchere wachiwiri, "Imani." Ndikamayamba nkhani ya mmene misewu inalili kale, "Kwezani ndege." Dzulo ndimakwera pa tebulo kuti ndisinthe babu, anangoti, "Chotsani mapazi," ndipo ndinapezeka ndatsika ndisanaganize.

Uwafunse a Nsidze, monga mphunzitsi mnzanga, ngati pali mawu amene kaputeni amanena kuti chiwongolero chibwerere kwa iye. Uyankhe msanga.

Ine bambo ako

Mzime, ndine mayi ako, ndikuwonjezera pansi pano asanamate envelopu. Sichinali chipilala. Anali wapolisi wa pamsewu, atawerama akumanga chingwe cha nsapato. Anabwera pawindo n'kundigwira chanza ine. Mawu akufunsawo ngati alipo, usawatumize.